Kumvera lamulo la khoti kumateteza munthu ku mlandu mpaka pati?

Munthu akalowa m'nyumba ya mnzake mwiniwake akukana, n'kutulutsa mipando ndi firiji kukakweza pagalimoto, timati waba. Akagwira mnzake n'kumutsekera m'chipinda zaka zisanu, wapalamula mlandu waukulu. Komatu tsiku ndi tsiku masherifu amalanda katundu wa anthu angongole, apolisi amathyola zitseko, asilikali a ndende amatsekera anthu, ndipo kumayiko omwe chilango cha imfa chikadalipo kuli munthu amene amalandira malipiro chifukwa chonyonga. Anthu amenewa sazengedwa mlandu wakuba, wothyola nyumba kapena wakupha. Chomwe chimawatchinjiriza ndi chikalata chochokera kukhoti chimene amagwirira ntchitoyo.

Chitetezo chimenechi chilipo m'malamulo a mayiko ambiri, koma chimamveka molakwika mbali zonse ziwiri. Olandidwa katundu amaganiza kuti khoti likadzapezeka kuti linalakwitsa, onse amene anakwaniritsa lamulo lake ayenera kumangidwa. Ogwira ntchitoyo nawo ena amayesa kuti chikalata chikakhala m'thumba ndiye kuti chilichonse chimene achite tsikulo n'chololedwa. Zoona zake n'zakuti chitetezocho chimatsata mawu a pachikalata, ndipo chimathera pomwe mawuwo athera.

Chifukwa chake chitetezochi chilipo

Kuti chimveke bwino, tiyambe ndi munthu wokana kumvera. M'mayiko amene malamulo awo anachokera ku England muli mfundo yakale yakuti lamulo la khoti limamveredwa mpaka khoti lenilenilo, kapena lina lalikulupo, litalichotsa. Pamlandu wa Hadkinson mu 1952, khoti la apilo la ku England linanena kuti udindo womvera umenewu sutha ngakhale munthu atakhulupirira kuti lamulolo linaperekedwa mosayenera kapena kuti ndi lopanda mphamvu. A Privy Council, khoti la ku London lomva apilo ochokera kumayiko ena a Commonwealth, anabwereza mfundoyi mu 1984 pamlandu wa Isaacs ndi Robertson wochokera ku St Vincent. Amene akuona kuti khoti lamulakwira, njira yake ndi yobwerera kukhoti kukapempha kuti lamulolo lichotsedwe, kapena kuchita apilo. Akangolinyalanyaza, amazengedwa mlandu wonyoza khoti.

Kuuma kwa mfundoyi kunaonekera ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku United States. Mu April 1963 jaji wa kumeneko anapereka chiletso choletsa zionetsero. Martin Luther King Jr. ndi abusa anzake anachitabe zionetserozo osapita kaye kukhoti kukatsutsa chiletsocho, ndipo anawagamula kukhala m'ndende masiku asanu ndi kulipira faindi ya madola 50. Mu 1967 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linavomereza chilangocho, majaji asanu akuvomera, anayi akukana. Patapita zaka ziwiri khoti lomwelo linapeza kuti lamulo la mzindawo limene chiletso chija chinatsamirapo linali losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chilango chonyoza khoti chija sichinafafanizike ayi.

Tsono ngati malamulo akukakamiza munthu kumvera ngakhale lamulo lolakwika, n'kumamuopseza ndi ndende akakana, sangatembenuke mawa n'kumumanga chifukwa anamvera. Kutero kungakhale kumuika munthu pamalo poti kulikonse kumene angalowere akupalamula.

Chifukwa china ndi cha kagawidwe ka ntchito. Sherifu, wapolisi ndi woyang'anira ndende sanamve umboni, sanawerenge faelo yonse, ndipo ambiri mwa iwo sanaphunzire zamalamulo monga jaji. Aliyense wa iwo akanakhala ndi udindo woyamba wadzikhutiritsa kuti chigamulo n'cholondola asanachikwaniritse, ndiye kuti pakhomo lililonse pakanamachitika apilo, ndipo wopambana mlandu akanangotsala ndi pepala lopanda ntchito.

Momwe mayiko analembera

Malamulo a milandu yaupandu a ku India a 1860 analemba nkhaniyi momveka kwambiri, mu gawo 78. Gawoli limati chinthu chochitidwa potsatira chigamulo kapena lamulo la khoti, kapena chololedwa ndi chigamulocho, si mlandu ngati chachitidwa lamulolo likugwirabe ntchito. Limawonjezera kuti zili choncho ngakhale khotilo linalibe mphamvu zopereka lamulo lotero, bola wochitayo ankakhulupirira ndi mtima woona kuti mphamvuzo linali nazo. Malamulo amenewa anatengedwanso ndi mayiko monga Pakistan, Bangladesh, Malaysia ndi Singapore. India anawalowetsa m'malo ndi malamulo atsopano otchedwa Bharatiya Nyaya Sanhita kuyambira pa 1 July 2024, koma mfundoyi inasungidwa mu gawo 16.

Ku Canada, gawo 25(2) la malamulo a milandu yaupandu limateteza munthu amene malamulo amamulamula kapena kumulola kukwaniritsa chikalata cha khoti kapena chilango, pamodzi ndi omuthandiza, ngati achita ndi mtima woona, ngakhale chikalatacho chili ndi cholakwika kapena chinaperekedwa ndi khoti lopanda mphamvu. Ku United States, Model Penal Code ya 1962, chitsanzo cha malamulo a milandu yaupandu chimene zigawo zambiri zinatengerapo malamulo awo, imanena zofanana mu gawo 3.03. Malamulo a 1899 a chigawo cha Queensland ku Australia amalowera khomo lina: mu gawo 31 amateteza munthu wochita chinthu pokwaniritsa malamulo, kapena pomvera lamulo la wolamula woyenera, pokhapokha ngati lamulolo likuonekeratu kuti ndi losaloleka.

Kale zinthu zinali zolimba kuposa apa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, pamlandu wa Marshalsea, jaji wa ku England Edward Coke analemba za kusiyana kwa khoti limene lili ndi mphamvu pankhani koma lalakwitsa, ndi khoti limene lilibiretu mphamvu pankhaniyo. Khoti la Marshalsea linali loweruza nkhani za anthu a panyumba ya mfumu, koma linapereka chikalata chogwirira munthu pankhani yosakhudza anthu otero. Amene anakamugwirawo anapezeka olakwa pamlandu wa chipukuta misozi, poti chikalata cha khoti lopanda mphamvu chinkatengedwa ngati cha munthu wamba. Malamulo olembedwa amene tatchulawa anafewetsa mfundo imeneyi dala, ndipo anachita bwino: funso lakuti khoti lili ndi mphamvu kapena ayi nthawi zina limagawanitsa majaji okhaokha, ndiye sikungakhale chilungamo kumusenzetsa sherifu.

Poyamba, pakhale lamulo la khoti lenileni

Izi zikumveka zodziwikiratu, koma ambiri amagwa pomwepa. Kalata ya loya yoopseza kuti katundu alandidwa si lamulo la khoti. Samani yoitanira munthu kukhoti si chilolezo cholanda chilichonse. Ngakhale chigamulo chonena kuti uje ali ndi ngongole ya ndalama zakutizakuti sichipatsa wokongozayo mphamvu zokatenga katundu yekha. Pamafunika chikalata china chotuluka kukhoti, cholamula sherifu kapena wantchito wina wovomerezeka kuti akalande. Wopambana mlandu amene wasonkhanitsa anyamata n'kupita kukadzitengera katundu atanyamula kope la chigamulo alibe chitetezo, chifukwa chigamulocho sichinamutume iye.

Mawu a pakamwa nawo ndi oopsa. Jaji akalankhula lamulo ali pampando m'khoti, lamulolo limalembedwa m'kaundula wa khoti ndipo likhoza kutsimikiziridwa. Koma uthenga woti "akukhoti anena kuti mum'gwire", wobwera pafoni kudzera mwa munthu wina, ndi mphekesera chabe mpaka utatsimikiziridwa. Chimodzimodzinso zikalata zachinyengo. Chikalata chabodza si lamulo la khoti, choncho magawo amene tatchula aja sachikhudza mwachindunji. Wonamizidwayo amadalira chitetezo china, chakuti analakwitsa moona mtima pa zimene zinalipo, ndipo khoti limafunsa ngati munthu wosamala akanazindikira bodzalo: kodi panali chidindo, siginecha, nambala ya mlandu, dzina la khoti? Kodi chikalatacho chinafika kudzera mu ofesi yoyenera, kapena anangochibweretsa pamanja mwini ngongole?

Lamulolo likhale likugwirabe ntchito

Apa m'pamene tsiku, ngakhale ola, zimakhala nkhani yaikulu. Chimene chimayang'anidwa ndi momwe zinthu zinalili panthawi yochita, osati zimene zinadzachitika pambuyo. Woyang'anira ndende amene wasunga munthu zaka zitatu potsatira chigamulo sakhala wolakwa khoti la apilo likadzamasula munthuyo. Zaka zitatuzo anamusunga movomerezeka. Koma lamulo lomumasula likafika, ola lililonse losunga munthuyo popanda chifukwa china silikuphimbidwanso ndi chigamulo chakale chija.

Lamulo la khoti limasiya kugwira ntchito m'njira zingapo. Likhoza kuchotsedwa ndi khoti lomwelo, makamaka ngati linaperekedwa mbali imodzi yokha ilipo. Likhoza kugwetsedwa pa apilo. Likhoza kuimitsidwa kaye podikira apilo. Likhoza kutha lokha, poti ziletso zina zimalembedwa kuti zigwira ntchito mpaka tsiku lakuti, ndipo mawalanti ambiri ofufuzira amakhala ndi nthawi yake. Likhozanso kutha chifukwa lakwaniritsidwa: m'malamulo ambiri walanti yofufuzira imalola kulowa kamodzi, ndipo ngongole ikalipidwa yonse palibenso cholandira katundu.

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambali zonse. M'mayiko ambiri kungolemba apilo sikuimitsa chigamulo. Pamafunika lamulo lapadera loimitsa. Choncho wangongole amene akukalipira sherifu pakhomo kuti "ndachita apilo" nthawi zambiri sakunena chinthu choletsa ntchitoyo. Koma akatulutsa chikalata choimitsa chokhala ndi chidindo, sherifu amene wangochikankhira pambali n'kupitiriza kukweza katundu wadzivula chitetezo yekha. Chofunika pamenepo ndi kuima, kuimbira ku ofesi ya khoti, kutsimikiza, ndi kulemba nthawi imene chikalatacho anachiona.

Chochitidwacho chikhale mkati mwa zimene lamulolo likunena

Milandu yambiri yokhudza apolisi ndi masherifu imagona apa, osati pa funso la mphamvu za khoti.

Chikalata chimatchula munthu, malo, katundu ndi chochita. Walanti yofufuza nyumba yakuti siloleza kufufuza nyumba yoyandikana nayo, ngakhale woganiziridwayo amagona kumeneko. Walanti yofunafuna galimoto yobedwa siloleza kutsegula maenivulopu a m'dirowa, chifukwa galimoto singakhale mmenemo. Chikalata cholanda katundu wa wangongole sichikhudza katundu wa mlendi wake, wa mkazi wake amene ali ndi umboni woti anagula yekha, kapena wa sitolo imene inamubwereketsa pangongole yolipira pang'onopang'ono umwini usanasinthe. Munthu wina akanena kuti katunduyo ndi wake, malamulo a makhoti ambiri ali ndi njira yoti sherifu akatule mkanganowo kwa jaji kuti agamule mwini ndani, katunduyo asanagulitsidwe. Mayiko ambiri amaletsanso kulanda zinthu zina monga zovala, zogonera ndi zida zogwirira ntchito mpaka pamtengo wina, ndipo chikalata cha khoti chimawerengedwa pamodzi ndi malamulo amenewo ngakhale sichinawatchule.

Kachitidwe kakenso kali ndi malire. Mlandu wa Semayne wa ku England wa 1604 unakhazikitsa mfundo imene ikadalipo m'mayiko ambiri, yakuti pankhani ya ngongole ya pakati pa anthu sherifu sathyola chitseko chakunja cha nyumba yokhalamo, pamene pankhani ya boma akhoza kuthyola atayamba wanena chimene wabwerera ndi kupempha kuti amutsegulire. Malamulo a masiku ano anasintha zina ndi zina, monga pankhani yotulutsa munthu m'nyumba, koma funso ndi lomwelo: kodi mtundu uwu wa chikalata umaloleza mphamvu zotani? Gawo 26 la malamulo a ku Canada limanena mosabisa kuti amene waloledwa kugwiritsa ntchito mphamvu adzayankha mlandu pa mphamvu iliyonse yopyola muyeso. Walanti yomangira munthu imaloleza kumugwira, ndipo akalimbana imaloleza mphamvu zokwanira kumugonjetsa. Khofi lomumenya ali kale mu unyolo ndi mlandu wovulaza munthu ngati wina uliwonse.

Za ndalama ndi katundu wosowa sitingachedwepo. Sherifu amene walanda zinthu khumi n'kulemba zisanu ndi zitatu waba ziwirizo. Amene wauza wangongole kuti amupatse kangachepe kuti abwerere wachita ziphuphu.

Nanga akagwira munthu wolakwika? Malamulo a ku India aja anapereka chitsanzo chake mu gawo 76: wantchito wa khoti watumidwa kukagwira munthu wina, ndipo atafufuza mokwanira wagwira wina pomuyesa yemweyo. Ameneyo sanapalamule. Gawo 28 la ku Canada limanena zofanana, bola akhale ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti wagwira munthu woyenera. Mawu ofunika ndi akuti atafufuza mokwanira. Kufanana kwa dzina kokha sikukwanira ngati wogwidwayo akuonetsa chiphaso chokhala ndi tsiku lobadwa losiyana, wapolisi n'kukana kuchiyang'ana.

Pali mlandu umodzi wa ku England umene umaonetsa malirewa mochititsa chidwi, ngakhale unali wa chipukuta misozi. Woyang'anira ndende ya Brockhill anawerengetsera tsiku lotulutsa mayi wina potsatira momwe makhoti ankatanthauzira lamulo panthawiyo. Kenako khoti linapeza kuti kutanthauzira kumeneko kunali kolakwika, ndipo mayiyo anali atakhala m'ndende masiku 59 owonjezera. Mu 2000 a House of Lords, amene panthawiyo anali khoti lalikulu kwambiri la apilo kumeneko, anagamula kuti anasungidwa mosaloleka ndipo analandira mapaundi 5,000. Woyang'anira ndendeyo sanachite chinyengo chilichonse. Vuto linali lakuti khoti limene linagamula mayiyo silinatchule tsiku lotuluka. Kuwerengetsera tsikulo inali ntchito ya woyang'anira ndende, choncho masiku owonjezerawo sanali kumvera lamulo la khoti. Chimene khoti lalamula ndi chimene wokwaniritsa wadziwerengera yekha ndi zinthu ziwiri zosiyana pamaso pa malamulo.

Mtima woona si kungonena kuti sindinkadziwa

Khoti likapezeka kuti linalibe mphamvu, chitetezo chimadalira chikhulupiriro cha wochitayo. Malamulo a ku India a 1860 anafotokoza mu gawo 52 kuti chinthu sichinganenedwe kuti chachitidwa ndi mtima woona ngati chachitidwa mopanda kusamala ndi chidwi choyenera. Mayiko ena amangofunsa ngati munthuyo ankakhulupiriradi, koma ngakhale kumeneko, chikhulupiriro chopanda maziko n'chovuta kuti jaji achivomere.

Muyeso wake umatengera munthu. Mmisiri wa maloko amene waitanidwa ndi sherifu kuti atsegule chitseko sayembekezeredwa kudziwa malire a ndalama zimene khoti la majisitireti lingagamule. Sherifu wa zaka zambiri pantchito amayembekezeredwa kudziwa. Loya kuposa apo. Ndipo pali zolakwika zimene zimaonekera pachikalata pomwepo: walanti yosasainidwa, yopanda dzina la munthu womangidwa, yosatchula chimene chikufunidwa, kapena khoti laling'ono likupereka chilango chimene aliyense wa ntchitoyo akudziwa kuti ndi cha khoti lalikulu lokha. Cholakwika chobisika m'faelo, monga chakuti wozengedwa sanapatsidwe samani moyenera, sichimuchotsera chitetezo wokwaniritsa amene sakanatha kuchidziwa.

Amene anachita kupusitsa khoti kuti lipereke lamulolo ali m'gulu lina. Iye sangabisale kumbuyo kwa chikalata chimene anachipeza ndi bodza lake. Ku Louisville, ku United States, apolisi anapha mayi wina dzina lake Breonna Taylor mu March 2020 polowa m'nyumba yake ndi walanti yofufuzira. Mu August 2022 wapolisi wina wofufuza milandu, yemwe sanali nawo pakhomopo usikuwo, anavomera mlandu wopangana ndi mnzake kulemba zabodza m'chikalata cholumbira chimene anapemphera walantiyo. Walanti imodzi yomweyo ikhoza kuteteza wapolisi amene anangopatsidwa kuti akaikwaniritse, n'kukhala umboni womangitsa amene anailembera bodza.

Pamene ngakhale chidindo sichithandiza

Pali zinthu zimene khoti lililonse silingaloleze. Pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu la 1984 limanena mu gawo 2 kuti lamulo lochokera kwa mkulu wa pantchito kapena ku nthambi iliyonse ya boma silingakhale chifukwa chovomerezera kuzunza munthu. Pangano la ku Rome la 1998, limene linakhazikitsa khoti la milandu ya padziko lonse, limanena mu gawo 33 kuti lamulo lopulula mtundu wa anthu kapena lochita milandu yolakwira umunthu limatengedwa kuti likuonekeratu kuti ndi losaloleka, choncho palibe anganene kuti anangomvera.

Mu 1947 mumzinda wa Nuremberg ku Germany kunazengedwa mlandu wa majaji, oimira boma pamilandu ndi akuluakulu a unduna wa zachilungamo wa nthawi ya Nazi. Oimbidwa mlandu anali 16. Khumi anapezeka olakwa ndipo anayi mwa iwo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse, kuphatikizapo Oswald Rothaug, jaji amene mu 1942 anagamula Leo Katzenberger, mkulu wa Ayuda wa mumzindawo, kuti aphedwe. Kumeneko zikalata zinali ndi zidindo zonse, koma makhotiwo anali atasanduka chida chophera anthu.

Mfundo imeneyi isatambasulidwe mopitirira. Kuonekeratu kuti lamulo ndi losaloleka sikutanthauza kuti wokwaniritsayo sakugwirizana nalo, kapena kuti akumvera chisoni banja limene likutulutsidwa m'nyumba. Kumatanthauza chinthu chimene munthu wamba aliyense angaone nthawi yomweyo kuti palibe khoti lingalamule. Gawo 78 la ku India silinatchule mawu amenewa, koma zotsatira zake zimafanana, popeza palibe angakhulupirire ndi mtima woona kuti khoti lili ndi mphamvu zolamula kuti mkaidi azunzidwe kuti aulule.

Mabanki, mabwana, madokotala

Si ovala yunifolomu okha amene amalandira malamulo a khoti. Banki imalamulidwa kutseka akaunti kapena kupereka ndalama za kasitomala kwa wokongoza. Bwana amalamulidwa kudula malipiro a wantchito kuti zipite kwa ana. Kampani ya mafoni imalamulidwa kupereka zolemba za amene anaimbirana. Dokotala amalamulidwa kuulula za wodwala. Popanda lamulo la khoti zina mwa izi zikanakhala milandu yophwanya chinsinsi kapena kutenga ndalama za munthu mosaloledwa. Ndi lamulolo ndi zovomerezeka, koma pamlingo womwewo basi. Lamulo likafuna masitetimenti a miyezi isanu ndi umodzi a akaunti imodzi, banki imene yapereka a zaka zitatu a maakaunti onse yaulula zotsalazo mwa kufuna kwake.

Pakhalenso kusiyanitsa lamulo lokakamiza ndi chigamulo chongonena kuti chinthu n'chololedwa. Tony Bland anavulala pangozi ya pabwalo la mpira la Hillsborough ku England mu 1989 ndipo anakhala zaka zoposa zitatu osazindikira chilichonse. Madokotala ndi makolo ake anagwirizana zosiya kumudyetsa kudzera m'paipi, koma poopa mlandu wakupha, chipatala chinayamba chapita kukhoti. Mu February 1993 a House of Lords anavomereza kuti kutero sikungakhale kulakwira malamulo. Khotilo silinalamule dokotala kuchita kanthu. Linangonena momwe malamulo alili. Mwa mfundo, chigamulo chotere cha khoti la milandu ya pakati pa anthu sichimanga manja khoti la milandu yaupandu, ndipo a House of Lords ananena zimenezi pamlandu wa Imperial Tobacco mu 1980. Koma m'zochitika, n'zovuta kwambiri kuti woimira boma azenge mlandu munthu amene anayamba wafunsa khoti n'kuchita ndendende zimene linanena.

Mutu umapweteka kwambiri malamulo a mayiko awiri akawombana. Chitetezo chimene tikunenachi chimagwira ntchito m'dziko la khoti limene lapereka lamulolo. Mu 1984 khoti la apilo ku United States linavomereza faindi ya madola 1,825,000 kwa Bank of Nova Scotia chifukwa chochedwa kupereka zikalata za m'nthambi zake za ku Bahamas ndi Cayman Islands, kumene bankiyo inkati malamulo a chinsinsi amaletsa kuulula. Kampani imene yalandira lamulo la khoti lakunja isaganize kuti kulimvera kuiteteza kwawo. Njira yake ndi yopempha khoti la kwawoko chilolezo choulula, kapena kupempha kuti nkhaniyo idzere m'mapangano a mayiko othandizana pamilandu.

Zinthu zitatu zofanana nazo koma zosiyana

Chitetezo cha jaji mwini n'china. Mayiko ambiri amateteza woweruza pa zimene wachita pogwira ntchito yoweruza, ndipo ku India chinali mu gawo 77, moyandikana ndi gawo 78. Sichifika pa ziphuphu. Lamulo la mkulu wa pantchito nalonso n'lina, ndipo ndi lofooka kwambiri: wapolisi amene bwana wake wamuuza kuti akafufuze nyumba popanda walanti, pamene malamulo amafuna walanti, sangayerekeze mawu a bwanayo ndi chikalata cha khoti. Chachitatu ndi milandu ya chipukuta misozi. Kusazengedwa mlandu waupandu sikutanthauza kuti wolakwiridwa sangasumire munthu kapena boma kuti alipidwe. Nkhani imeneyo ili ndi malamulo ake, ena akalekale monga Constables Protection Act ya 1750 ya ku England, ndipo mlandu wa Brockhill uja waonetsa kuti kumeneko mtima woona pawokha nthawi zina supulumutsa.

Chikalata chikafika m'manja mwanu

Werengani chonse, osati mutu wokha. Onani dzina la khoti, nambala ya mlandu, tsiku, siginecha ndi chidindo. Onani ngati chalembedwa kwa inu kapena ku ofesi yanu, chifukwa lamulo lopita kwa munthu wina silikutumani inu. Funsani ku ofesi ya kaundula wa khoti ngati lamulolo lilimodi m'faelo ndiponso ngati palibe lina loliimitsa, ndipo nambala yoimbira muipeze nokha, osati imene yalembedwa ndi wobweretsa chikalatayo. Lembani dzina la amene mwalankhula naye ndi nthawi yake.

Mawu akakhala osamveka, musawamasulire mokomera amene akukufulumizitsani. Makhoti amalola munthu wokhudzidwa ndi lamulo, ngakhale sali mbali ya mlanduwo, kupempha kuti limveketsedwe, lisinthidwe kapena liimitsidwe. Pempho lotere lichitike msanga, tsiku lomaliza lomvera lisanadutse, chifukwa kungokhala chete n'kumati mukuganizirabe kumawerengedwa ngati kukana. Pamene mukudikira yankho, chitani mbali imene ingabwezedwe: tsekani akaunti koma musatumize ndalama, sungani katundu koma musagulitse.

Pogwira ntchitoyo, onetsani chikalata kwa mwini malo ndi kumusiyira kope ngati malamulo akutero. Lembani mndandanda wa chilichonse chotengedwa, pamaso pa mboni, ndipo mwini katundu asaine kapena zilembedwe kuti wakana. Lembani nthawi yofika ndi yochoka, mphamvu zimene zagwiritsidwa ntchito ndi chifukwa chake. Pomaliza bwezani lipoti kukhoti.

Zolembazi ndi zimene zimadzagwira ntchito mlandu ukabuka patapita zaka. M'mayiko ambiri wozengedwa amangofunika kubweretsa umboni wokwanira kudzutsa chitetezochi, kenako woimira boma ndiye atsimikizire khoti mopanda chikayiko kuti sichikugwira. Ku India ndi mayiko otengera malamulo ake a umboni, udindo wotsimikizira uli pa wozengedwayo, ngakhale pamuyeso wopepukirapo wakuti zimene akunena n'zothekera kwambiri kuposa zotsutsa. Kulikonseko khoti limafuna kuona kope lovomerezeka la lamulolo, umboni wa tsiku ndi ola limene analilandira, ndi lipoti limene anabweza, kuti liyerekeze mzere ndi mzere zimene zinalamulidwa ndi zimene zinachitika.